Ng'oma za kwaya yathu zalowa m'laputopu

Loweruka lapitali a Kamwendo, otsogolera kwaya ya mpingo wathu ku Lozells, kuno kutsidya la nyanja, anatiyitana tonse kuti tikaone chozizwitsa. Tinawapeza atayala laputopu, sipika ndi zingwe zosawerengeka, nkhope ili ngwee. Anatiuza kuti vuto la kwaya latha, chifukwa ng'oma zonse azilemba m'pulogalamu ya pakompyuta yolembera nyimbo, ndipo iziyimba yokha.

Vuto ankanenalo ndi munthu. Ndi a Mbewe, otiyimbira ng'oma, bambo amene anasiya mkazi ndi ana ku Dedza kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Stoke. Mashifiti awo sapanganika. Pokonzekera nyimbo pena amabwera, pena ayi, ndipo a Kamwendo, namwino wozolowera kuti chilichonse chizichitika pa nthawi yake, zinawafika pakhosi.

Tsono anayamba kutiphunzitsa luso lawo. Ng'oma iliyonse anayipatsa mzere wake: yayikulu pansi, yaying'ono pakati, maseche pamwamba, olembedwa ndi timitanda m'malo mwa timadontho. Ukatero umayenera kuyiuza pulogalamuyo kuti mzere uliwonse uzilira ngati chiyani, posankha pa ng'oma zomwe iyo ikuzidziwa. Za ku Cuba ikuzidziwa, za ku Brazil ikuzidziwa. Yathu ija ya chikopa cha mbuzi, yowamba pamoto kuti ikungike, sinayimvepo n'komwe. A Kamwendo anangosankha zoyandikira.

Atadina batani, abale inu. Pamalo pa ng'oma yayikulu panalira belu, lija amamangirira ng'ombe m'khosi. Pamalo pa yaying'ono panalira wenzulo. Mayi wina anafunsa ngati mpira wayamba. A Kamwendo, thukuta lili kamukamu, anati n'zazing'ono, angosemphanitsa mizere.

Atakonza, ng'oma zinalira ndithu, koma mayendedwe ake anali a perete. Nyimbo zathu zimayenda monjanja, patatupatatu. Iwo anazidula panayipanayi, poti ndi mmene pulogalamuyo inatsegukira ndipo sanafune kuyitsutsa. Amayi a soporano, anthu odziwa kugwedeza thupi pamaso pa Mulungu, anangoona miyendo yawo ikuguba yokha.

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Koma a Kamwendo si munthu wogonja. Anakalimbana nazo kunyumba kwawo ku Walsgrave, ndipo Lamulungu m'mawa chinthu chija chinalira bwino. Sindikunama, chinalira bwino mochititsa manyazi. Sichinathamange, sichinatsalire, sichinapemphe kuti wina akachitenge kusiteshoni.

Apa ndiye pamene tinaonekera ife.

Amalawi a kuno tayamba kukonda chilichonse chosatipempha kanthu. Maliro akagwa timapepesa ndi kachithunzi ka manja opemphera pafoni. Wodwala timamuzonda ndi chala chimodzi, tili m'basi. Tsopano tapezanso woyimba ng'oma wosafuna kufunsidwa kuti wadzuka bwanji, ndiye chimwemwe chake! Tonse timati tatanganidwa, ndipo n'zoona, mashifiti a kuno ndi osayamba. Koma kodi holo yopemphereramo ya ku Lozells timayichita lendi kuti tizimva kugunda kosaphonya? Ikanakhala nkhani yake imeneyo, bwenzi aliyense atangokhala kunyumba kwake, tozimvera tili m'makutu.

Chimene tinayiwala tonse n'kuwauza a Mbewe.

Iwo anali atasinthana shifiti ndi mnzawo, n'kukwera sitima ndi basi, ndipo analowa mapemphero atayamba kale. Ng'oma yawo anayipeza ili kutsogolo ndithu, pamalo aulemu, koma atayiyala kansalu koyera, laputopu ili pamwamba. Akuti kutalika kwake n'koyenerera bwino, chingwe chimafika pakhoma. A Mbewe anayima pang'ono, kenaka anakakhala kumbuyo n'kumawomba m'manja limodzi nafe, akumwetulira. Ine mtima unandiwawa, nyimbo yonse sindinayimve kukoma.

Pa nthawi ya tiyi anandiuza, akuseka, kuti Lachinayi lililonse a Kamwendo ankawayimbira foni kuwakalipira za kujomba. Anati foni imeneyo ankachita kuyidikira. Mafoni ena onse a kuno amakhala a kuntchito, ofuna aliyense woti atseke mpata. Ya a Kamwendo yokhayo ndi imene inkafuna iwo enieni, ngakhale kunali kukalipa.

Kenaka anapita pamene a Kamwendo ankapinda zingwe zawo.

"Abambo, zikumveka bwino kwambiri. Ndiye Sunday ikubwerayi ndingopanga pick shift kuntchito, eti?"

"Pangani pick achimwene, musamavutikenso ndi ma train. Zonse zili saved."

A Kamwendo ananena zimenezi ndi mtima woyera, akuona ngati amutula munthu katundu. Ndi zimene zikundiwopsa ine, chifukwa panalibe woyipa m'chipinda chija. Munali anthu abwino okhaokha, okonda zinthu zoyenda bwino, ndipo a Mbewe anamaliza tiyi wawo n'kutuluka kukadikira basi.

A Kamwendo, luso lanu ndalivomera, pulogalamu mwayigonjetsa. Koma ndikufunseni inu, ndi nonse amene munawomba m'manja aja: Lachinayi likubwerali, a Mbewe awayimbira foni ndani?