Tsamba 61 la Fyness

Fyness Manda wakhala akutayipa zaka makumi awiri, poyamba m'maofesi a pa boma, kenako m'kashopu kake pafupi ndi msika. Zala zake n'zaliwiro, koma mantha ndiye anabadwa nawo. Bingu likagunda kutali ku Mzuzu, iye amakhala atathimitsa kale foni.

Bambo mfumu atam'patsa buku lakale la nyimbo za Chilatini, lodyedwa ndi chiswe, kuti alilembenso pa kompyuta, anavomera. Pulogalamu yolembera manoti a nyimbo anaiphunzira yekha: mizere inayi m'malo mwa isanu, timanoti tamakona anayi, tina tosanjikizana ngati njerwa. Ukaika noti, laputopu imailiza kuti umve ngati yakhala pamalo pake.

Pa tsamba 61 panali nyimbo yoperekeza maliro. Ntchitoyi ankaigwirira kunyumba, poti bambo ake, a Cyrus, omwe anatsogolera kwaya zaka makumi atatu, anali chigonere kuchipinda, achipatala atawabweza.

Nanga nyimbo ya maliro n'kulira m'nyumba muli wodwala? Kumeneko n'kuitana imfa, ndani sadziwa. Fyness anaopa zedi. Analidumpha tsambalo masiku anayi, mpaka linatsala lokhalo. Lachisanu masana anavala mahedifoni, n'kuyamba kuika manoti. Akuimvetsera yonse, nkhuku inalowa m'nyumba. Anadzambatuka kuti aipirikitse, chingwe cha mahedifoni n'kuzuka, nyimbo n'kudzaza nyumba yonse.

"Fyness!" anaitana a Cyrus.

Fyness anaisiya nkhukuyo. Analowa kuchipinda n'kugwada pakhomo.

"Ada, pepani. Sindinafune kuti muimve."

"Pa mzere wachiwiri wakweza msanga. Bwera nacho kuno chinthu chakocho."

"Ayi, ada, chonde. Anthu akamva adzati ndine ndakuitanirani."

"Iwe mwana, tsiku lomwe adzandiimbire ine sindidzaimva. Ndiimve lero, ndiikonze."

Anabwera nayo laputopuyo. Anakhala m'mphepete mwa bedi, a Cyrus akung'ung'udza ndi kamawu kosasa, iye akusuntha kanoti. Atailizanso, mkuluyo anatsinzina n'kukhala phee, ndipo Fyness anayang'anitsitsa bulangeti kuti aone ngati likukwera ndi kutsika.

Nyimbo itatha, a Cyrus anatsegula maso.

"Eya, ndi yomweyo. Ukawauze a kwaya asadzandithamangitsire nyimboyi."