Deti Imene Ndinalemba pa Pepala la Munthu Wakufa

Ena mukamva nkhaniyi munena kuti ndikungopeka, koma Mulungu ndiye mboni yanga, zonsezi zinandigwera ine mwini wakene, si zomva kwa anthu ayi. Mayina sinditchula, chifukwa ena mwa anthu ake ndi abale anga ndipo timakumanabe m'maliro.

Nditamaliza kosi ya zowerengera ndalama ndinakhala pakhomo zaka ziwiri ntchito osaipeza, mpaka alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, ananditenga kuti ndiziwathandiza mu ofesi yawo pa Nathenje. Ofesi yake kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya feteleza, muli tebulo, kabati yachitsulo, kompyuta imodzi ndi pulinta yovutavuta. Ntchito yathu inali yolembera anthu amabizinesi mafomu a msonkho n'kuwatumiza pa intaneti, poti masiku ano sipafunikanso kunyamula mapepala kupita nawo m'tauni. Alamuwo ndinkawatenga ngati bambo anga, si iwo anandilipirira fizi ya chaka chomaliza bambo atatisiya? Ndiye akati lemba apa, ine ndinkangolemba, ndifunsenso chiyani?

Mwadongosolo lake, fomu isanatumizidwe mwini bizinesi amayenera kuiwerenga, n'kusayina pepala lovomereza kuti zimene zalembedwamo ndi zoona, n'kulemba yekha deti ya tsiku limene wasayinalo. Koma makasitomala athu ambiri anali akutali, ena ku Mitundu, ena cha kumunsi kwa Dzalanyama, ndiye alamu anali ndi njira yawo yachidule. Munthu akabwera kamodzi ankamusayinitsiratu mapepala angapo opanda kanthu, deti osalemba, kuti nthawi yotumiza ikakwana tingolembapo tokha. Ankati uku n'kuwachitira chifundo anthu, asamathere ndalama m'maminibasi, ndipo ine ndinkaona ngati ndi nzeru zedi.

Mmodzi mwa makasitomalawa anali bambo wina wachikulire wa ku Mitundu, mwini chigayo ndi lole yonyamula fodya, munthu wansangala amene akabwera ankanditcha mwana wanga. Anali ndi mwana wamwamuna wamkulu wa kwa mkazi woyamba, komanso ana atatu aang'ono kwa mayi amene ankakhala nawo pa nthawiyo.

Lachisanu lina m'mawa alamu analowa ali ndi mwana wamkulu uja. Anatsegula kabati, n'kutulutsa limodzi mwa mapepala amene bambo aja anasayiniratu, n'kundipatsa kapepala ka zoti ndilowetse mu kompyuta. Ndikulowetsa ndinaona kuti fomuyo ikunena kuti bambowo asiya bizinesi, chigayo ndi lole anazipereka kale kwa mwana wawoyo. Ndinafunsa ngati sitingawaimbire kaye foni eni ake, poti nkhaniyo sinali yaing'ono, koma alamu anangoseka, amvekere madala ali kumunda kumene kulibe netiweki, ndipo alankhula nawo okha dzulo lomweli. Anandiuza kuti ndimalizitse pepalalo ndi kutumiza msanga magetsi asanathime, iwo n'kutuluka panja ndi mlendo wawo kukanong'onezana pafupi ndi galimoto. Ine monga mwa masiku onse ndinayang'ana kalendala, n'kulemba deti ya Lachisanu lomwelo pambali pa siginecha, ndinajambula pepalalo, ndinatumiza, ndinasindikiza kope n'kuika mu envulopu ya mwana uja. Ndinaiwalako n'kuiwalako.

Patapita masabata atatu, ndili ndekha mu ofesi chakumasana, kunalowa mayi wina atavala duku lakuda, ali ndi achimwene awo. Anakana mpando. Anayala mapepala awiri patebulo, lina linali kope la pepala lathu lija, lina linali lochokera ku chipatala cha Nkhoma. Kenako anandiyang'ana m'maso n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Mwana wanga, ndiuzeni, amuna anga munawaona kuti Lachisanu limeneli? Ife tinawaika m'manda Lachitatu."

Abale anga, ndinatenga mapepala aja. Ndinayang'ana pepala la chipatala, bambo aja anamwalira Lolemba la sabata lomwelo. Ndinayang'ana lathu, siginecha yawo ili apo bwinobwino, pambali pake deti ya Lachisanu, masiku anayi munthu atatsikira kale kulichete, ndipo manambala ake anali a dzanja langa. Munthu wakufa angasayine bwanji? Ndinangomva ngati bambo aja aima kumbuyo kwanga akundiyang'ana.

Achimwene awo a mayiwo, amene anali mphunzitsi, ndi amene anandifotokozera. Anati pa msonkhano wa banja wokambirana za chuma cha masiye, mwana wamkulu uja anatulutsa envulopu monyadira, kunena kuti chigayo ndi lole si za masiye, bambo anamupatsa ali moyo ndipo ngakhale a msonkho akudziwa. Mwanayo anali atatseka kale chigayo ndi loko wake, ana atatu aja alibe pogwira. Mphunzitsiyo powerenga mapepala modekha ndi pamene anaona deti, ndipo asanabwere kwa ine anali atadzera kale kupolisi.

Atangotuluka ndinaimbira alamu ndikulira. Mukudziwa chimene anandifunsa? Sanafunse za mayi wamasiye, sanadabwe n'komwe kumva za imfa. Anandikalipira kuti mutu wanga umagwira ntchito yanji, bwanji sindinalembe deti ya mwezi watha. Apo ndi pamene ndinayamba kuzindikira kuti pali chimene iwo ankachidziwa ine osachidziwa, komabe mtima unkakana, ndinkati mwina ndi mantha chabe akuwalankhulitsa.

Mawa lake apolisi anabwera kudzanditenga, anthu a pashopu ya feteleza akuonerera. Kupolisi anandipatsa pepala ndi bolopeni kuti ndilembe manambala kuyambira wani mpaka teni katatu, n'kuyerekeza ndi deti ija. Panalibe chokana, ndinavomera kuti ndinalemba ndine, koma ndinatumidwa. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti alamu akafika afotokoza, ine ndibwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Anafikadi, atavala jekete, tayi ali pakhosi. Ine ndili pabenchi pomwepo ndikumva, anauza wapolisi kuti iwo kompyuta saigwira, kiyi wa kabati amasunga ndine, ndipo za mapepala osayiniratu akuzimva koyamba. Anawonjezera kuti akhala akundikayikira kwa nthawi ndithu, chifukwa mwana wa malemu uja ankabwerabwera ku ofesi iwo kulibe, mwina tinali pachibwenzi ndipo tinapangana zogawana chuma. Chibwenzi, ine, ndi munthu amene ndinamuona kamodzi kokha? Ndinawaitana kuti alamu, alamu, tandiyang'anani, koma sanacheuke. Ndinakhala m'chitokosi masiku awiri, chakudya osachikhudza, ndikungoganiza kuti moyo wanga wathera pa manambala ochepa amene ndinalemba mosaganiza n'komwe.

Tsiku lachiwirilo achemwali anga anabwera kudzandiona, ine n'kumati wafika wondipulumutsa. Anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndingovomera kuti ndinachita ndekha, poti ine ndilibe mwana, akhoti andimvera chisoni, koma amuna awo akamangidwa ana adya chiyani? Anandikumbutsanso za fizi ija. Mwa zonse zimene ndinakumana nazo, mawu amenewa ndi amene anandilasa kwambiri, munthu woyamwa naye bere limodzi kundiyeza pasikelo n'kupeza kuti wopepuka ndine.

Amene anandipulumutsa ndi munthu amene ndinkayesa mdani wanga. Tsiku lachitatu apolisi anatisonkhanitsa tonse m'chipinda chimodzi, ndipo mayi wamasiye uja atangowaona alamu anaimirira. Anauza wapolisi kuti bambo awa akuwadziwa, anali pamaliro Lachitatu lija, anakhala pampando woyandikana ndi mwana wamkuluyo, chipepeso chawo chinalengezedwa pagulu, ndipo anabwera kudzawagwira dzanja iwo m'nyumba ya siwa. Ndiye munthu woti waponya nawo dothi m'manda Lachitatu, angauze bwanji mtsikana Lachisanu kuti madala ali kumunda? Alamu tayi uja anamumasula. Mwana wa malemu ataona kuti zavuta anaulula yekha kuti nzeru yonse anampatsa ndi alamu pamaliro pomwepo, atapangana kuti lole ikagulitsidwa agawana.

Ine ananditulutsa, ndipo pamlandu ndinakhala mboni, ngakhale woweruza anandidzudzula kolimba kuti kulemba deti m'malo mwa mwini siginecha ndi bodza ngakhale utatumidwa ndi ndani. Sindinatsutse, zinali zoona. Chigayo ndi lole zinabwerera ku banja kuti zigawidwe mwachilungamo, fomu yabodza ija inafafanizidwa, ofesi ya alamu inatsekedwa ndipo iwo analandira chilango chawo. Achemwali anga mpaka lero sandilankhula, kwa iwo amene anapasula banja lawo ndine. Kunyumba kwawo kumene ndinkakhala, katundu wanga ndinamupeza ali panja m'matumba, ndinasamukira ku Mitundu kumene pano ndimalembera mafomu anthu ochepa pandekha.

Anthu ena akamva amati mzimu wa bambo aja ndi umene unandigwira dzanja kuti ndilembe Lachisanu, chifukwa ndikanalemba deti ya mwezi wam'mbuyo palibe akanazindikira, ana atatu aja akanakula opanda kanthu, ine n'kumadya nawo tchimo osadziwa. Za mizimu sindidziwa. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti Mulungu sanafune kuti amasiye aja aberedwe, ndipo anagwiritsa ntchito kupusa kwanga komwe. Ndimakhulupiriranso kuti munthu amene anakuchitira zabwino dzulo akhoza kukugulitsa lero nkhope ili gwa, akaona kuti moto wayandikira kwa iye.

Tsono inu amabizinesi, musasayine pepala lopanda kanthu, ngakhale wokupemphaniyo mumapemphera naye tchalitchi chimodzi, chifukwa siginecha yanu imatsala ikuyenda inu mutagona kumanda. Werengani, sayinani, deti mulembe nokha. Ndipo inu anzanga olembera anthu mafomu, deti si yanu, ndi ya mwini siginecha. Pano munthu akandiuza kuti ali kutali ndingomulemberako, ndimamuyankha kuti akwere kabaza abwere, ndimuone ndi maso anga kuti ali moyo.