Nkhunda za Abu Ratib

Sindinamvetsepo chifukwa chake Abu Ratib, mnansi wanga woweta nkhunda padenga, sankakhulupirira tsiku loyesa lipenga lochenjeza anthu za ngozi. Lipengalo linali pamwamba pa sukulu, pafupi ndi khola lake, ndipo wailesi inkalengezeratu tsiku ndi nthawi. Ine ndinkakwera masitepe kukamuuza.

"Abu Ratib, mawa aliyesa. Musatulutse nkhunda."

"Aphunzitsi, ndi sukulu yanu yonseyo mumakhulupirira wailesi? Amenewo akati Lachiwiri, dziwani kuti ndi Lachinayi."

Kukacha ankazitulutsa, lipenga n'kulira, nkhunda n'kubalalika. Kwathu kuno ku Zarqa, nkhunda ikatera padenga la mnzako yasanduka yake. Sabri wa kutsidya kwa msewu wailesi ankaimvera bwino, ndipo tsikulo ankawaziratu tirigu padenga pake.

Ndinatopa naye munthuyu. Ulendo womaliza ndinachita kumulembera tsikulo ndi choko pachitseko cha khola, iye n'kufufuta ndi mkono wa malaya. Zinamutsalira nkhunda ziwiri. Sabata yomweyo anaziika m'dengu n'kukwera basi osatsanzika, ndipo ngakhale mlongo wake sadziwa kumene analowera.