Kakolo wa Mtsikana wa ku Chelstone

Ndinali nditangotha chaka ndikugwira ntchito ya mafizo pa kachipatala kena ku Woodlands pamene mphunzitsi wa zamasewera wa sukulu ina ya ku Chelstone anandipempha kuti ndikayankhule ndi ophunzira ake za kuvulala pamasewera. Ndinavomera asanamalize n'komwe. Masiku amenewo ntchito inkandikwana. Odwala anga ambiri anali akuluakulu a m'maofesi odandaula msana, ndipo ndikamawawerengera mafizo, mtima unkakhala uli kwina.

Lachitatu lake ndinanyamuka kwathu ku Kabwata ndi chikwama chodzaza malamba a mphira, mabandeji ndi bondo lapulasitiki lophunzitsira. Bambo anga, ali pa makina awo osokera pakhonde, anandifunsa ngati ndayamba kugulitsa katundu pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Minibasi inkaima paliponse. Ndinafika mochedwa, thukuta lili kamukamu.

Ophunzirawo ndinawapeza atakhala pamthunzi m'mbali mwa bwalo. Ndinayamba ndi za m'buku, za minofu ndi mitsempha, koma palibe ankandimvera. Bondo lija linkangoyenda m'manja, akuliseweretsa. Nditaona choncho ndinawauza kuti onse aimirire ndi mwendo umodzi, atatsinzina. Anayamba kudzandira, kugwerana, kuseka. Ndinawafotokozera kuti phazi limauza ubongo pamene laponda, ndipo likavulala limaiwala ntchito imeneyi mpaka litaphunzitsidwanso. Apo ndiye anatchera khutu.

Nditati asinthe mwendo, mtsikana wina wamtali, wa giredi 11, anangokhala pansi. Mphunzitsi uja anandinong'oneza kuti ameneyo ndiye wothamanga wawo, ndipo Loweruka akaimira sukulu pampikisano.

Anzake atabalalika ndinamupempha kuti avule nsapato. Kakolo wakumanzere anali wotupa, wodera m'munsi.

"Unabinya liti?" ndinamufunsa.

"Nili bwino, ba madamu. Ni vazii chabe, palibe vuto."

Ndinadina pang'ono ndi chala. Analuma mlomo.

"Loweruka usathamange," ndinatero. "Ukampumitsa ndi kuchita mafizo, achira bwinobwino."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Imwe munathamangako?"

Ine kusukulu ndinali wa mabuku basi. Mphunzitsi anati amvera zimene ndanena, koma ankayankhula akuyang'ana pansi, ndipo ndinadziwa kuti analibe wina woti alowe m'malo. Ndinamanga bandeji, n'kumuuza mtsikanayo za ayezi ndi kukweza phazi pa pilo, iye akumanga zingwe za nsapato ngati sindikuyankhula naye.

Sabata yonseyo sindinakhazikike. Ndinkagwira foni kuti ndimuimbire mphunzitsi, n'kuibweza m'thumba. Ndinkadziuza kuti ndachita mbali yanga, kenako n'kudziimba mlandu kuti ndinayankhula ngati wapolisi, osamufunsa n'komwe kuti mpikisanowo unali chiyani kwa iye.

Mtsikanayo anathamanga. Ndinamva Lolemba, mayi ake atabwera naye kuchipatala kwathu akutsimphina, atatsamira paphewa pawo. Mayiwo anandiuza kuti anamaliza wachitatu, ndipo atadutsa mzere sanathe kudzuka. Mwamwayi fupa silinathyoke.

Sindinanene kuti ndinakuuza. Iyenso sanapepese. Tinangoyamba ntchito: kujambula zilembo m'mwamba ndi chala chachikulu cha kuphazi, kukoka lamba wa mphira, kenako kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma. Tsiku lililonse ankafunsa kuti ayamba liti kuthamanga, ine n'kumati tione sabata yamawa. Tinkakwiyitsana ndithu. Tsiku lina anaponya lamba pansi, n'kutuluka, n'kubweranso patapita kanthawi kudzamaliza.

Patatha pafupifupi miyezi iwiri ndinamulola kuthamanga pang'onopang'ono pa udzu. Kuyambira pamenepo sanabwerenso, ngakhale panatsala masiku awiri amene tinapangana. Mphunzitsi wake ndiye anandiimbira kundiuza kuti wayambiranso, ndipo amakakamiza anzake kutenthetsa thupi asanalowe m'bwalo. Anandifunsanso ngati ndingamabwere mwezi uliwonse. Tsiku lomwelo ndinakagogoda pa ofesi ya abwana anga kukapempha kuti Lachitatu masana azindimasula.