Dzina langa pa nyumba ya ababa

Nyumba imene ndikukhala pa boma pa Mulanje si yanga, koma kuisiya sindingathe. Ndi ya khonsolo, ya zipinda ziwiri, malata ake anachita dzimbiri kalekale. Ababa anayamba kuichita lendi ine ndisanabadwe. Anali telala pamsika. Kwawo kwa amayi ku Nkando anali mkamwini, wolima munda wa eni, ndiye kuno n'kumene ankatsokomola momasuka.

Atamwalira, tisanamete n'komwe, ana a alongo awo anafika kudzatenga za amalume awo. Makina osokera anapita, njinga inapita. Nyumba yokha ndiyo inawakanika. Ku khonsolo anatiuza kuti nyumbayo si cholowa. Dzina la malemu likhoza kuchoka n'kulowa la mkazi wawo kapena la wachibale amene ankakhala momwemo, koma wolowayo azikhalamo ndithu. Akangosamuka, makiyi abwerere kwa eni ake.

Ine ndinati nanga chovuta n'chiyani, alembe amayi. Koma atsibweni, achimwene awo a amayi, anakana kwamtuwagalu. Amayi anali asanasudzulidwe. Kwathu mkazi wamasiye amadikira akuchimuna kuti amumasule, anene pagulu kuti ukwati watha, abwerere kwawo. Atsibweni anati mlongo wawo akalembetsa dzina pa nyumba ya malemu, akuchimuna adzati akukakamira chuma, ndipo adzazengereza dala kumumasula. Achimwene anga anali ku Joni. Maso onse anagwera ine, mtsikana amene ndinali nditangomaliza Fomu 4.

"Iwe mwanawe, ndi dzina chabe," anatero atsibweni. "Kodi dzina limalemera?"

Ndinavomera, ndipo kunena zoona ndinkanyada. Ndinkayenda pamsika khosi lili njo, ati mwini nyumba. Kupusa kwake!

Tsiku losudzula linafika. Apongozi awo a amayi anayankhula bwino, kuti mayiyu anasamala m'bale wathu mpaka kumanda, tsopano ndi mfulu, apite kumene mtima wake ukufuna. Amayi anamanga katundu wawo n'kukwera minibasi ya ku Nkando. Kumeneko amalima nandolo, ananenepa, amaseka mpaka misozi. Sindiwachitira nsanje, koma pena mtima umandiwawa ndikawaona.

Ine ndinatsala ndi nyumba, ndipo nyumbayo inasanduka ya mbumba yonse. Wodwala wopita kuchipatala cha ku Mishoni amagona kwa ine, ndi womudikirira wake yemwe. Mwana akasankhidwa ku sekondale ya pafupi, amabwera ndi chikwama chake osandifunsa. Amene wakangana ndi mwamuna wake amadzapumira kuno. Ndikadandaula amati mlendo ndi mame, koma mame a kwathu dzuwa siliwaumitsa ayi. Pali masiku amene ndimaphikira panja chifukwa m'khitchini mwagona munthu.

Kenaka kunabwera mwamuna. Ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, munthu wofatsa, wa mapewa otupa ndi zingwe. Anaphunzira kuyendetsa galimoto, napeza ntchito ku Lilongwe, ndipo anandipempha kuti tipite limodzi. Ndinkamukonda, sindibisa. Ndinathamangira ku khonsolo kukafunsa ngati dzina langa lingachoke n'kulowa la msuweni wanga. Anandiyankha mwaulemu kuti dzina limasintha pa maliro pokha. Wamoyo akafuna kuchoka amangobweza makiyi.

Nthawi imeneyo m'nyumba munali azakhali odwala shuga ndi ana awiri a sukulu. Ndinapita ku Nkando kukawagwadira atsibweni. Anandikumbutsa kuti kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, akandifuna abwere adzakhale pakhomo panga. Anafunsanso kuti ndikabweza makiyi, odwala aja ndikawataya pamsewu uti. Amayi anangoyang'ana pansi, akusenda nandolo. Mwamuna uja anadikira mpaka mvula inagwa n'kusiya, kenaka anakwatira wina. Ndinalira, ndinakwiya, ndinasiya kupita kumudzi kwa nthawi yaitali, koma m'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kusesa pakhomo pomwepo.

Chaka chatha atsibweni, okalamba tsopano, anatulukira ndi mtsikana wina wa mbumba yathu, mphasa ili pamutu. Ndinayesa ndi za sukulu. Iwo anati ayi, mwanayu akhale pano, a khonsolo ndi anthu oyandikana nawo azimuona. Za mawa sizidziwika, nyumba ingadzasowe wolowa.

Ndinawafunsa kuti, "Atsibweni, amayi munawasudzulitsa. Nanga ine mudzandisudzula liti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, tikusudzule unakwatiwa ndi ndani?"

Mtsikanayo anali ataima pakhomo, akuyang'ana malata ndi mawindo, akumwetulira monga ndinkamwetulira ine. Ndinamulandira mphasa ija, n'kukamuyalira m'chipinda chimene ndinkagona ababa ali moyo.