Gonthi wa Boti la Mvuu

Che Mustafa Saidi anakhala gonthi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, koma makutu awo analibe vuto lililonse. Ankamva ngakhale nkhanu ikuyenda pamchenga. Wodziwa zimenezi pagombe lonse la Salima anali mkazi wawo Asiya basi, ndipo mayiyo anazisunga ngati mbewu ya mpunga chaka cha njala.

Ntchito yawo inali yoyendetsa boti la hotela ina ya m'mphepete mwa nyanja. Alendo ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankabwera patchuthi cha masiku awiri kapena atatu, ndipo aliyense ankafuna kukaona mvuu kumathiriro a mtsinje, kumene bango linawirira. Che Mustafa ankawanyamula m'mamawa, akayandikira n'kuzimitsa injini, n'kumapalasa pang'onopang'ono kuti zinyamazo zisakwiye. Komatu kwa ambiri mvuu zinali ponamizira chabe. Masiku a chipani chimodzi aja munthu sunkadziwa kuti amene wakhala naye pabenchi ndi wa ndani, ndiye pakati pa madzi ndi pokhapo pamene lilime linkamasuka. Mphunzitsi ankatukwana khadi la chipani, kalaliki ankalira m'bale wake amene anatengedwa osabwereranso, ndipo onsewo ankayankhula mosaopa chifukwa woyendetsa botiyo anali gonthi.

Ugonthiwo unayamba chaka cha 1972. Mwera unawagudubuza ndi bwato chakufupi ndi chilumba cha Mbenji, madzi analowa m'khutu, khutulo n'kuyamba kutuluka mafinya. Sabata yomweyo kunabwera mnyamata wa jekete, dzina lake Lodwick, wogwira ntchito pa ofesi ina ya ku boma. Anawapeza akusoka ukonde, thonje lili m'khutu.

"Achimwene, inu mumamva zambiri m'boti lanu lija," anatero Lodwick motsitsa mawu. "Lachisanu lililonse mukatuluka mumzikiti muzidzera kwathu, muzitiuzako zimene alendo akulankhula."

Che Mustafa anamva zonse bwinobwino ndi khutu linalo. Koma chimene chinatuluka pakamwa pawo ndi chimodzi chokha: "Ee?"

Lodwick anabwereza. Iwo anati "Ee?" kachiwiri, dzanja lili kukhutu. Nanga nkhani ngati imeneyo munthu angaikuwe pamaso pa amayi oyanika usipa? Mnyamatayo anatsonya n'kumapita.

"Ee?" yemwe uja ndiye anawamanga. Khutu linapola, koma likanapola bwanji poyera? Likanapola, Lodwick akanabweranso. Choncho Che Mustafa anaphunzira kusatembenuka munthu akawaitana kumbuyo, kusaseka nthabwala ya pabwalo la bawo, ndi kudikira Asiya awagwire phewa ngati kuti azana yoitanira mapemphero kumzikiti sanaimve. Anzawo ankawanena ali pomwepo, kuti mdalayu ndi wouma manja, kuti mkazi wake ndiye amalamula pakhomo, iwo n'kumangomwetulira ngati akuwayamikira. Kucheza ndi mkazi wawo ngati anthu kunkatheka kumunda wa mpunga kokha, atayang'ana kaye uku ndi uku.

Chowapweteka zedi chinali Nafisa, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anabadwa ugonthiwo uli ndi zaka ziwiri. Mwana sasunga chinsinsi, ndiye sanamuuze. Nafisa anakula akuwakuwira atate ake ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Koma akakhala payekha ankaimba ndi mawu ofewa, akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndipo Che Mustafa ankakhala pakhonde nkhope ili gwa, mtima ukusungunuka. Tsiku lina anamumva akuuza amake kuti, "Ababa akanati amve, bwenzi ndikuwaimbira tsiku lililonse." Anadzuka n'kupita kugombe kuti misozi isaoneke.

"Muuzeni mwanayu, wakula," ankatero Asiya kumunda.

"Amalize kaye sitandade eyiti, make Nafisa. Linda madzi apite."

Madziwo sanapite. Mwezi wa Ogasiti chaka cha 1988, Nafisa atangolemba mayeso, pahotela panafika Lodwick yemwe uja, tsopano wamimba, wadazi, munthu wamkulu ku Lilongwe. Anabwera ndi mkazi wake Florence patchuthi cha masiku atatu. Florence anali ndi kalendala yakale ya ku Joni yokhala ndi chithunzi cha namgumi akutumphuka m'nyanja yamchere, ndipo kwa zaka zambiri ankapempha mwamuna wake kuti akaone chinsomba chimenecho ndi maso. Pasipoti sinkatuluka, ngakhale kwa munthu ngati Lodwick. Ndiye mwamunayo anati, "Tiyeni ku Salima, mvuu ndiye namgumi wathu ife."

Tsiku loyamba mvuu zinabisala. Anakhala pamadzi maola awiri osaona kanthu koma mbalame. Lodwick anamuyang'ana woyendetsa boti uja, anamuzindikira, n'kuseka.

"Mdala uyu ndimamudziwa, make Janet. Samva ngakhale mphenzi."

Kenako anatsamira m'mbali mwa boti, anavula nsapato, nayamba kutulutsa zakukhosi. Anati watopa. Anati dzina la mnzake Yesaya, amene anamuimirira paukwati wawo, analipereka kwa akuluakulu ndi iye mwini, chifukwa akanapanda kutero likanaperekedwa lake. Anatchula akuluakulu ake mmodzimmodzi, aliyense ndi dzina lomunyoza, ndipo anamaliza ndi mawu okhudza wa pamwamba penipeni, mawu oti munthu akawanena kumtunda sagona kwawo tsikulo. Florence ankangoti, "Bambo a Janet, basi, basi." Che Mustafa ankapalasa maso ali pabango. Kunena zoona, anamumvera chisoni munthuyo.

Tsiku lachiwiri mvuu zinalipo zisanu ndi ziwiri, makutu okha pamwamba pa madzi, zikufwenthera. Florence anaiwala za namgumi. Anaombera m'manja, n'kupempha kuti asendereko pang'ono, aone kamwana kamene kanali pamsana pa make. Che Mustafa anadziwa kuti nzosayenera, koma mlendo wamkulu sakanizidwa. Anapalasa kawiri katatu, maso ali pa kamwanako.

Mwadzidzidzi nkhope ya Florence inasintha. Anali kuyang'ana kuseri kwa phewa lawo. Ndi mantha, mawu anangotuluka ngati mpweya, onong'ona: "Kumbuyo kwanu, bambo."

Che Mustafa sanaganize n'komwe. Anatembenuka nthawi yomweyo, anaona chimphongo cha mvuu chikubwera madzi akugawikana, anakankha ndi nkhafi mwamphamvu, n'kukoka chingwe cha injini. Inalira ulendo woyamba womwewo. Chimutu chija chinatulukira pamene panali boti kamphindi kapitako, kukamwa kuli yasa.

Atafika pamadzi oyera, Florence anali kulira n'kumathokoza Mulungu ndi Che Mustafa mosakaniza. Lodwick sanalire, sanathokozenso. Anali kuwayang'ana khutu.

"Mdala," anatero ndi mawu otsika kwambiri, otsika kuposa kulira kwa injini, "mwamva bwanji?"

Che Mustafa anafuna kunena "Ee?" monga mwa masiku onse, koma maso awo anali atakumana kale ndi a Lodwick, ndipo onse awiri anadziwa. Chimene anaona m'maso mwa bwanayo si mkwiyo ayi, anali mantha okhaokha, a munthu amene wakumbukira zimene ananena dzulo.

"Bwana, ine ndi munthu wa mvuu," anatero. "Za anthu ndimazisiya m'madzi momwemu. Wallahi, zaka zonsezi sindinatulutse liwu la munthu."

Lodwick anavala nsapato zake, zimene anali atavulanso tsikulo. Che Mustafa analunjikitsa boti kugombe.

Masana amenewo Che Mustafa anauza Asiya kumunda. Mayiyo anati athawire kwa achibale ku Chitala. Koma Chitala n'kutali bwanji kwa anthu okhala ndi galimoto? Ndipo akathawa, atsala ndani pakhomo? Anabwerera kunyumba, anaswali, anakhala pakhonde. Nafisa anali kuimba kuseri. Anatsegula pakamwa kuti amuitane amuuze, koma anaganiza kuti mawa akafunsidwa mwanayo, bola akhale wosadziwa kanthu. Anangomvetsera mpaka nyimboyo inatha.

Tsiku lachitatu alendo aja sanabwere kuboti. Kunabwera galimoto, anthu atatu, nthawi ya kadzutsa.

Kumene anawatengerako ankafuna mayina: mphunzitsi uti, kalaliki uti, ananena chiyani, chaka chiti. Za Lodwick palibe anafunsa, ndipo Che Mustafa sanazitchule, poti mawu amenewo akanatuluka m'kamwa mwawo akanakhala awo. Pa funso lililonse ankayankha chimene anazolowera. "Ee?" Anthu aja anati, poti makutuwa ndiwo akuvuta, tiyeni tiwatsegule. Ankamenya ndi zikhatho zonse ziwiri nthawi imodzi, uku ndi uku. Dzina ngakhale limodzi silinatuluke.

Anawamasula patapita masabata atatu. Anatsika pamsewu n'kuyenda wapansi mpaka kugombe, ndipo anadabwa kuona mafunde akumenya mchenga mwakachetechete. Galu wa kwa aneba anawathamangira kukamwa kukutseguka n'kutseka, wopanda mawu. Ntchito ya kuhotela inali itatha kale. Mbiri inali itawanda kuti gonthi uja amamva, ndipo panalibe mlendo wofuna kukwera boti la kazitape. Anzawo a pabawo atawaona anasiya kucheza, aliyense akukumbukira zimene ananenapo pamaso pawo.

Asiya anali atamuuza Nafisa zonse, masiku amene sankadziwa ngati bamboyo adzabwerera. Ndiye atangokhala pakhonde, mtsikanayo anabwera, anagwada pafupi, nkhope ikuwala ndi manyazi ndi chimwemwe. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anawayankhula atate ake motsitsa mawu, monga mwana amayankhulira ndi kholo lake.

"Ababa, ndiye nyimbo zanga zonse zija munkazimva?"

Che Mustafa anaona milomo ikuyenda. Anasendeza mutu. "Ee?"

Nafisa anaseka n'kuwagwira bondo. "Basi ababa, amama andiuza. Kuno kulibe munthu, tili tokha." Ndipo anayamba kuimba, chapansipansi, nyimbo imene anawakonzera masabata atatu onsewo.

Bamboyo anayang'ana khosi la mwana wawo likugwedezeka, anayang'ana Asiya amene anaima pakhomo atagwira pakamwa. Anadikira mpaka milomo ija itasiya kuyenda.

"Kweza mawu, mwanangu," anatero. "Kuwa ngati kale."