Sitinaike Makaniko

Ndinadzuka kusanache, amayi amene anachezera nane pa siwa akadali chigonere pa kapeti. Mphepo yotentha inali itayamba kale. Boma linali litaletsa kukoleza moto panja poopa moto wolusa, choncho ophika anapanikizana m'galaja ndi mbaula za gasi.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kudzaza nyumba yathu ya ku Ellenbrook, kuno kudziko la eni, ena akadali mu yunifolomu, kuchokera ku naiti ku Midland. Apa m'pamene alamu anga, akulu awo a amuna anga, anandiwerengera mbiri ya malemu yokanena kumanda. Analemba kuti anali makaniko wa ku migodi.

Makaniko! Amuna angawo, bambo a Tamanda, anali injiniya wa mizinga ya nkhondo yodziwongolera yokha ikamauluka. Ntchito yawo inali pa timapiko ta kumchira. Ankatiyesa m'chipinda chouzira mphepo yamphamvu, kuona kuti kamodzi kakapendekeka pang'ono mzinga wonse ukhota bwanji. Ankati kulemera kukhale kutsogolo, mapiko kumbuyo, ngati muvi; ukasemphanitsa, chinthucho chimangogubuduzika m'mwamba. Ntchitoyo ine sindinkaikonda, tinkakangana mpaka kugona mofulatirana. Koma inali ntchito yawo.

"Mlamu, za zida zophera anthu sitinganene pamaso pa abusa," anatero alamuwo nditawatsutsa.

Ndinapsa mtima. Malemu ali moyo, alamu omwewa ankadzigunda pachifuwa kumudzi kuti mng'ono wawo ndi injiniya. Lero mng'ono wawoyo wasanduka chinthu chochititsa manyazi.

Masana magalimoto anandondozana atayatsa nyali. Kumanda tinapeza dzenje lokumbidwa ndi makina, dzuwa likuswa mtengo. Alamu anawerenga bodza lawo bwinobwino, ndipo anthu odziwa zoona ankangovomera ndi mitu. Mwana wathu Tamanda anandiyang'ana. Namfedwa salankhula kumanda, ndikudziwa. Ndinaimirira.

"Amuna anga sanapondepo kumgodi. Ankapanga mizinga. Ikani iwowo, osati munthu amene mwapekayu."

Wina anayambitsa nyimbo msangamsanga kuti mawu anga amire. Alamu sanandiyang'anenso.

Madzulo, amayi amene anayenera kugona nane masiku angapo anapinda zitenje zawo, aliyense akuti mawa ali pa shifiti. Mipando anaisanja pakhoma. M'nyumba monse munangoti zii, tinatsala awiri.

Tamanda anandifunsa m'Chingerezi ngati bambo ake ankachita zoipa. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo mwina sindidzadziwa. Koma amene tawaika lerowa ndi bambo ake enieni.